Timange Kapena Tisamange?

"Amulamu, lelo timange kapena tisamange?" anafunsa Yoram, phazi limodzi lili kale pa makwerero, chingwe chili paphewa.

Whiteson Tembo, kapitawo wa ntchitoyo, anayang'ana kumsewu. Anayang'ananso kumtsinje, kenako anakanda m'mutu ngakhale simunkayabwa. Funso limeneli linkamudikirira m'mawa uliwonse, ndipo yankho lake linkasintha malinga ndi bwana amene wafika tsikulo.

Ankakhoma malata pa nyumba yatsopano yogonamo odwala, pa kachipatala ka boma kudera la Mphuka, m'boma la Feira, pafupi ndi mtsinje wa Zambezi. Munali mu Okutobala 1978, nkhondo ya kutsidya ku Rodeshiya itasefukira kale kuno. Ndeke za adani zinali zitaponyapo mabomba m'mbali mwa mtsinje, ndipo asodzi ena anawomberedwa ali m'mabwato. N'chifukwa chake Eneless, mlongo wake wa Whiteson, anabwera tsiku lina maso ali ofiira kudzapempha kuti amuchotsere mwamuna wake Yoram pamadzi.

"Mupatseni nchito ya kumtunda, alongo. Ine sinifuna kuzalandila bwato ilibe munthu."

Whiteson anamulemba ntchito Yoram, nalonjeza ndi pakamwa pake kuti ali ndi iye palibe chidzamukhudze. Ankalonjeza ndi mtima wonse, poti nthawi imeneyo makoma anali asanafike n'komwe m'chiuno.

Mavuto anayamba denga litakwera. Kunabwera a Frederick Mwale, woyendera zomanga wochokera ku Lusaka, munthu wa nsapato zowala zoti fumbi linkachita kuziopa. Anatsitsa zingwe zatsopano mu landirova nasonkhanitsa anthu onse.

"Aliyense wokwera pamwamba amange chingwe m'chiuno, mbali inayo ku mtanda waukulu. Mfundo yake ndi iyi, yang'anani bwino. Ine ndinanyamulapo kalipentala amene anagwa padenga longa ili, ndipo ndine ndinakauza mkazi wake. Sindifuna kubwerezanso. Ndikapeza munthu pamwamba alibe chingwe, wochoka ntchito ndi kapitawo."

Mfundoyo inalidi mfundo. Ikalemedwa inkalimbirako, moti pomasula masana munthu ankafunika kukhala pansi, kuitokosa ndi msomali, n'kuitukwanako pang'ono.

Fumbi la landirova lisanathe n'komwe, anatulukira Sajeni Dismas, mkulu wa asilikali amene anamanga msasa kuseri kwa chipatalacho. Iyeyu ndi amene anawakumbitsa dzenje lalitali lobisalamo pafupi ndi mulu wa mchenga. Ataona anthu ali ndi zingwe m'chiuno anaima chilili, pakamwa pali yasa.

"Kapitao, ivi ni vichani? Ninakuuzani kuti mukamvela ndeke, aliyense mu dzenje, kulibe kuganiza. Manje munthu mwamumanga monga mbuzi ya pa maliketi, azathawa bwanji? Imwe simunatolepo anthu pambuyo pa bomba. Ine ninatola. Masulani!"

Anamasula. Whiteson anayesa kuwafunsa mabwanawo, wina payekha wina payekha. A Mwale anati za ndeke si za ofesi yawo. Sajeni anati za malata si za usilikali. Chimene chinkamuzunguza mutu Whiteson n'choti palibe amene ankanama. Akamvetsera a Mwale ankaona munthu akugwa, akamvetsera Sajeni ankaona munthu akupsa padenga, ndipo wogwayo ndi wopsayo onse anali ndi nkhope ya mlamu wake.

Choncho ntchito inkayenda mwa maso. Kukaoneka fumbi kumsewu, anthu ankamanga. Zikamveka nsapato za asilikali, ankamasula. Ena ankangomanga m'chiuno mokha, mbali inayo n'kumaikoka pamalata ngati mchira. Koma Anock, msodzi mnzake wa Yoram amene naye anathawa pamadzi, anati iye wapeza nzeru yoposa mabwana onse awiri. Ankamanga mfundo ya bwato, ija msodzi amamangira pagombe akafuna kuchoka mofulumira: ukangokoka nsonga kamodzi, yamasuka yonse.

"A Mwale akayang'ana, nili omanga. Ndeke ikabwela, nili omasuka," ankatero Anock akugwedeza nsongayo. "Imwe a Yoram pitilizani kufunsa amulamu anu. Kapena na kumadzi osamba mumayamba mwafunsa?"

"Iwe khala chete. Uzakoka nsonga ya buluku m'malo mwa chingwe, tizaone vonse," ankayankha Yoram, anthu n'kuseka.

Whiteson ankaiona mfundo ya Anock, koma sanailetse ndipo sanaivomereze. Sankadziwa kuti ili mbali ya ndani.

Tsono m'mawa uno zinthu zinaipiratu, chifukwa mabwana onse awiri anafika nthawi imodzi. Landirova inaima pansi pa mtondo, Sajeni naye anali kubwera cha kumchenga. Yoram anali akadali pa makwerero kudikira yankho. Whiteson anaona a Mwale akutsika, maso ali padenga, pamene Sajeni anali ataima kaye kulankhula ndi msilikali wake. Anasankha bwana amene anali pafupi.

"Mangani, amulamu. Mangani ija ya a Mwale."

Yoram sanatsutse. Anakwera, nazunguliza chingwe ku mtanda, namanga monga anaphunzitsidwira, nachikoka kuti aone ngati chagwira. A Mwale anagwedeza mutu mokhutira.

Dzuwa la ku Feira silichedwa kupsa mtima. Pofika chakumasana malata anali kuotcha ngati chiwaya, ndipo thukuta la amisiri linkagwera pamenepo n'kuuma nthawi yomweyo. A Mwale ndi Sajeni anali pamthunzi, atayamba kale kukangana mwaulemu, aliyense akutchula mnzake kuti bwana. Ndi pamene kunamveka kulira kwa injini chakutali. Wina anati ndi thirakitala. Wina anati ndi boti ya asilikali. Nyundo zinaleka kugogoda.

"Ndeke!" anakuwa mayi wina amene ankatunga madzi pachitsime.

Sajeni analiza wezulo. Zimene zinachitika pambuyo pake Whiteson sanazione bwinobwino. Miyendo yake inaganiza mutu usanayambe, ndipo anangozindikira ali m'dzenje, chigongono chake chili pamsana pa a Mwale, mchenga uli m'kamwa. Amisiri a m'munsi mwa denga, amene sanamange kanthu, anali atatsika kale makwerero mopondana.

Atadzutsa mutu anaona Anock akukoka nsonga ya chingwe chake. Mfundo inamasuka bwino lomwe, monga mwini wake ankanenera. Anock anaimirira kuti athamangire ku makwerero, koma malata atsopano ndi oterera, ndipo denga si gombe. Phazi linapita lokha. Anatsetsereka chagada, manja akusaka pogwira, mpaka anasowa kumapeto kwa denga. Kunamveka kugwa kwake pa njerwa, kenako kulira.

Pamwamba panatsala Yoram yekha. Anali atagwada pa mtanda, akulimbana ndi mfundo imene thupi lake linakhala likuilimbitsa kuyambira m'mawa. Anayesa ndi zala. Anayesa ndi mano. Ndeke inatulukira m'munsi kwambiri, ikutsata mtsinje, ndipo denga lonse linkawala pansi pake ngati galasi.

"Amulamu! Amulamu!"

Whiteson anamva. Palibe anamugwira. Sajeni anali kumapeto ena a dzenje, a Mwale anali atabisa nkhope m'manja. Makwerero anali pomwepo, ndipo m'thumba mwake munali mpeni wosongolera pensulo. Anauza miyendo yake kuti inyamuke, koma miyendo yomwe ija inathamanga yokha inakana kumumvera. Anakhala momwemo akuyang'ana.

Ndekeyo inadutsa, inakhota, inabwereranso pamwamba pa denga penipeni. Yoram anasiya mfundo nagona chafufumimba, manja ataphimba m'mutu. Sinaponye kanthu. Inawoloka mtsinje n'kuzimiririka kutsidya, ndipo mpaka lero palibe akudziwa chimene inkafuna.

Anthu anamupeza Anock mwendo utathyoka pantchafu. Pomunyamulira mu landirova kuti apite naye ku Boma, ankangobwereza mawu amodzi: "Koma inamasuka bwino. Munaona, inamasuka bwino."

Whiteson anakwera nakadula chingwe cha Yoram. Milomo ya mlamu wakeyo inali kuchucha magazi, ulusi wa chingwe uli m'mano, ndipo tsaya limodzi linali litapsa ndi lata. Whiteson anamugwira mkono kuti amuthandize. Yoram anachotsa mkonowo mwaulemu natsika yekha.

Pansi mabwana anali atapezanso mawu.

"Mwaona?" anatero a Mwale, akupukuta mchenga pa malaya. "Womanga bwino ali moyo, alibe fupa lothyoka. Womasula ndi uyo ali m'galimoto."

"Sembe ija ndeke inawombela, sembe mukumasula nyama pa mtanda," anayankha Sajeni. "Onse amene sanamange anafika mu dzenje. Belengani mweka."

Whiteson anawayang'ana onse awiri. Anayesa kupeza amene walakwa kuti amukwiyire, koma sanamupeze, choncho anangofunsa za mawa. "Manje mabwana, mailo tichite bwanji? Timange kapena tisamange?"

"Mangani," anatero a Mwale akukwera galimoto.

"Osamanga," anatero Sajeni akutembenuka.

Amisiri anatola zipangizo zawo mwakachetechete, palibe anafunsa ngati nthawi yoweruka yakwana. Whiteson atayang'ana uku ndi uku anapeza kuti Yoram wapita kale.

Anamutsatira kumudzi dzuwa litapendeka. Njira yonse ankakonza mawu, koma akafika pakati ankaiwala poyambira. Anamupeza Yoram kuseri kwa nyumba, atagadabuza bwato lake limene linakhala miyezi lili pamthunzi, akumata phula m'ming'alu. Eneless anali pakhomo akupeta mapira.

"Amulamu, ivi musachite," anatero Whiteson. "Pa madzi anthu akufa. Mailo nizakuikani pansi, muzisakaniza chabe simenti. Padenga simuzakwelanso."

Yoram anapitiriza kumata. "Nanga amene azakwela m'malo mwanga, muzamuuza chani?"

"Siniziwa."

"Pa madzi nikamvela mfuti nimaziwa vochita. Nimagwela mu madzi, kulibe onimanga." Anapukuta chala pa thabwa. "Sininakwiye, amulamu. Chabe sinifuna kufa nikuyembekeza yankho."

Whiteson anatembenukira kwa mlongo wake, poti iyeyo ndiye anayambitsa zonsezi, ndipo ndiye yekha akanatha kumuletsa mwamunayo. "Eneless, kamba naye. Si ndiwe unalila kuti achoke pa madzi?"

Eneless anaika lichero pansi. Nkhani inali itamufika kale, chifukwa mayi wa pachitsime uja sanaisunge. Sanakweze mawu, ndipo zimenezo zinamuopsa Whiteson kuposa kukalipa.

"Alongo, nifunseko chimodzi. Pamene anali kukuitanani pamwamba paja, munamvela?"

Whiteson akanatha kunena za phokoso la ndeke. Akanatha kunena za wezulo, kapena za lamulo la Sajeni loti munthu asatuluke m'dzenje. Zonsezo zinali zoona, ndipo mlongo wakeyo ankaoneka kuti akufunitsitsa kumva chimodzi mwa izo.

"Ninamvela," anatero.

Eneless analowa m'nyumba. Anatuluka atanyamula ukonde ndi nkhafi, nadutsa pafupi ndi mlongo wake osamukhudza, n'kukazipereka yekha m'manja mwa mwamuna wake.