Ntchito Yamseri ya Abwana

Chakudya chamadzulo chitatha, banja lonse likadali pakhonde, mtsikana wamng'ono wa m'banjamo anakankhira mbale yake kwa mkulu wake ndi chala chimodzi, n'kunena kuti akufuna tsache latsopano.

Pakhomopo ankamutchula kuti Abwana, chifukwa chiyambire kuyankhula sanapemphepo kanthu, ankangolamula. Tsopano mtima wake unali pa chinthu chimodzi: kukhala mtsogoleri wa ophunzira onse pasukulu ya masisitere.

"Tsache?" anafunsa amayi ake. "Iwe ukudziwa mbali yogwirira?"

"Musaseke amayi. Asisitere aakulu anena kuti mtsogoleri adzamusankha Pasaka ikapita. Akuti wofuna kutsogolera ayambe watumikira anzake. Ndiye pa Lenti pano aliyense agwire ntchito yothandiza, koma mwamseri. Dzanja lamanzere lisadziwe zimene lamanja likuchita."

Abambo ake, akalipentala, anasiya kutokosa m'mano. "Nanga zikakhala zamseri, iwowo adziwa bwanji?"

"Apo ndiye pagona nkhani, ababa."

Iye anali ataiganiza kale. Mawa alawirira, akasesa pakhonde la ofesi ya asisitere ataweramitsa mutu, ndipo iwo akadzangotulukira, iye adzadzidzimuka ngati munthu wogwidwa akuba. Kudzidzimukako anali atakuyeserera pagalasi, ndipo kunkamukhala bwino.

"Bwanji uyambe ndi mbale yakoyi?" anatero mkulu wake. "Ine ndiyang'ana kumbali, sindiona."

"Mbale imeneyo asisitere aionera kuti?"

Amayi anangopukusa mutu. "Mupatseni tsachelo, nalo likaoneko sukulu."

M'mawa anafika mame asanaume. Koma pakhonde la ofesi anapeza anzake asanu ndi mmodzi atamutsogolera kale. Wina ankakolopa, wina ankapukuta zenera lomwe mnzake anali atangopukuta kumene. Wina anabwera ndi masamba ouma m'chikwama, n'kumawamwaza pang'onopang'ono kuti asasowe chosesa. Panalibe wopatsa mnzake moni, poti aliyense anali pa ntchito yamseri.

"Pano padzaza," anatero mtsikana wamtali amene anali ndi chokolopera. "Pita ukadzichepetsere kwina."

Abwana anagwidwa manyazi. Anazungulira kuseri kwa zimbudzi kuti akabise tsache lija, anthu asamuone akuyenda nalo ngati wantchito. Kumeneko fungo linamulandira asanafike. Ngalande inali itatsekeka, ndipo mayi wina wovala nsapato zamphira ndi epuloni yakale anali atawerama, akuvuula zinyalala ndi waya.

"Mayi inu," anatero Abwana atatsina mphuno, "tandisungireni tsacheli penapake pouma."

Mayiyo anaweramuka. Anali asisitere aakulu.

Abwana anadzidzimuka ndithu, koma osati monga pagalasi paja. Kukamwa kunangoti yasaa, tsache n'kugwera m'matope.

"Ambuye amamvadi mapemphero," anatero asisitere mofatsa. "Sabata yonse ndakhala ndikupempha munthu wa tsache. Tola, mwanangu. Ine ndizivuula, iwe uzikankhira uko."

"Ndimayesa muli ku ofesi, asisitere."

"Ndimalowera khomo lakumbuyo masiku ano. Pakhonde paja pakuterera, ndingathyoke mwendo."

Anayamba kusesa ndi dzanja limodzi, lina lili pamphuno.

"Gwira ndi manja awiri. Mphunoyo siigwa."

Anagwira ndi manja awiri. Madzi akuda anamuthovukira pasokosi zoyera zimene mkulu wake anamuchapira dzulo. Komabe mumtima ankadzitonthoza kuti chimene anadzera chatheka, asisitere amuona. Anatchula dzina lake ndi kalasi yake momveka bwino, kawiri, kuopa kuti angamusokoneze ndi wina.

"Ndamva," anatero asisitere. "Mawa ubwerenso nthawi yomweyi. Ndi mkuja. Mpaka Pasaka."

Abwana anawerenga masabata otsala pa zala, zala za dzanja limodzi n'kutha.

"Ndiye za utsogoleri zija, asisitere?"

"Thira madzi apo, mwanangu. Patsala pakona."

Belu litalira, anadutsa pakhonde paja akukoka miyendo. Anzake aja anali akadali pomwepo, simenti ikuwala ngati mbale, maso onse ali kuchipata.

"Iii, fungoli ndi lako?" anafunsa wamtali uja. "Wagwera kuti? Asisitere wawaonako?"

Lilime linamuyabwa Abwana. Akanangonena mawu awiri, anzake onsewo akanafota ngati masamba a m'chikwama aja. Koma anaona m'maganizo matsache asanu ndi limodzi ali pamzere kungalande mawa m'mamawa, iye akuuzidwanso kuti kwadzaza. Anameza malovu, natseka pakamwa. Aka kanali koyamba m'moyo wake kusunga chinsinsi.

Anaimika tsache lake kuseri kwa chitseko cha kalasi, pamalo poti mawa asalisowe, n'kupita kumpopi kukatsuka sokosi.