Vidiyo ya Ukwati wa Becky

"Yazimanso," anatero Perpetua Chisenga, ali chiimire m'kashopu kokonzera makompyuta ka Clive Mulubwa ku Kamwala. "Mwaona? Nthawi zonse ni pamene apa."

Kompyutayo inali ya mwamuna wake Gilson, yemwe ankajambula maukwati. Anamwalira mwadzidzidzi ndi nthenda ya mtima asanamalize kukonza vidiyo ya ukwati wa Becky, mng'ono wake wa Perpetua. Kwa miyezi itatu Perpetua anayesa kuimaliza yekha kunyumba ku Chelstone. Koma ikangofika pamene akwati akudula keke, Gilson n'kumveka akuseka kuseri kwa kamera, kompyuta inkazima. Mapeto ake anayamba kuopa kulowa m'chipindacho.

"Ba Clive, niuzeni zoona. Kapena mwine wake safuna?"

Clive sanaseke. Gilson anali mnzake kuyambira kusukulu. Clive anatsegula kompyutayo, n'kukhudza m'kati, n'kuchotsa chala msangamsanga.

"Patentha monga mbaula! Onani, mulamu. Aka ni purosesa, ndiye kamene kagwila nchito yonse. Gilson anagula kamphamvu maningi, koma bodi yamene kakhalapo ni yofooka. Tuzitsulo utu twa pambali ndiye tumakapatsa malaiti. Pa keke paja anaphatikiza makamela atatu, manje purosesa ikoka moto wambili, utu tutentha, makina azizimitsa. Ninamuuza, anati azasintha akapeza mpata."

Mawa lake masana Perpetua anapeza Clive ataika bodi ina, yokhala ndi zitsulo zoziziritsa. Anakhala pampando, chikwama ali nacho pamiyendo, Clive n'kuyatsa vidiyo ija. Mpeni unalowa m'keke. Gilson anaseka. Kompyuta sinazime.

Kenaka chithunzi chinagwedezeka n'kuloza pansi, pa nsapato zakuda zimene Perpetua anapukuta yekha m'mawa wa tsikulo. Gilson anamveka akulankhula ndi mnzake wojambula naye, akupuma movutikira.

"Kalaba, gwilako kamela. Pamtima panigwila futi. Osamuuza Perpetua, muleke avine."

Kamera itadzuka, inaonetsa Perpetua pakati pa azimayi a ku tchalitchi, atamanga chitenge m'chiuno, akuvina, akuseka mpaka misozi. Anakumbukira kuti tsiku lomwelo anamukalipira Gilson atamupeza atakhala pampando anthu akujambulitsa. Anamutcha waulesi pamaso pa alendo.

Panja ogulitsa nsalu ankaitanira makasitomala. Clive anaimitsa vidiyoyo, maso ali pansi.

"Sininadziwe, mulamu. Ngati ninadziwa..."

"Bwezelani."

Perpetua anaimvanso. Kenaka kachitatu. Atatero anapukuta nkhope ndi kumbuyo kwa dzanja.

"Mau ayo mudule. Becky asamvele izi mu vidiyo ya ukwati wake."

"Nifafanize?"

"Iyayi. Muniikile pa foni yanga."

Clive anachita zimenezo. M'basi yopita ku Chelstone, Perpetua anagwira foniyo ndi manja onse awiri ulendo wonse. Kondakitala atafunsa ngati alipo wotsika, iye sanamve, ndipo basi inadutsa pa siteshoni yake.