Zithunzi za Ba Webby

Ba Webby, mphunzitsi wa sayansi ku Chinyunyu, anagwa m'kalasi Lachitatu m'mawa choko chili m'manja. Pofika nawo kuchipatala anali atazizira kale. Adokotala anati ndi BP.

Mkazi wawo Gwendoline anali asanalire n'komwe mokwanira pamene azimayi otulutsa katundu kuti anamalira apeze pokhala anatsegula chipinda chaching'ono. Anatulukamo chothamanga, wina atagwira pakamwa.

Pakhoma panali zithunzi zimene malemuwo anasonkhanitsa kuyambira ali kukoleji, zina zoitanitsa kunja, zosindikizidwa papepala lokhuthala. Zinkaonetsa nkhalamba zandevu zitaweramira pamoto, mabotolo a makosi aatali, mvukuto, mabuku ong'ambika. Chimodzi chinali ndi chibade cha munthu patebulo, kadzidzi atatera pazenera.

Ba Fyson, mkulu wa malemu, anachinyamula ndi nsonga za zala n'kutuluka nacho pabwalo.

"Mulamu, mufotokoze. N'chiyani ichi?"

"Ndi anthu akalekale a ku Ulaya," anatero Gwendoline, mawu atasasa. "Ankayesa kusandutsa mtovu kuti ukhale golide. Analephera onse. Ba Webby ankati sayansi inayambira kwa amenewa, n'chifukwa chake ankawakonda."

"Golide!" Ba Fyson anatembenukira kwa anthu. "Mwamva nokha. Ndiye anapereka ndani? Paja mimba ziwiri zinapita padera m'nyumba muno."

Gwendoline anafuna kunena kuti mwamuna wake wafa ali ndi nsapato imodzi yokha yabwino, kuti Loweruka lililonse ankapukuta magalasi a zithunzizo ndi malaya akale akuimba nyimbo za kwaya. Koma azimayi amene anakhala naye pamphasa anali atayamba kale kusendera kutali.

Zithunzizo anazitentha kuseri kwa chimbudzi maliro asanaikidwe. Magalasi ankathetheka pamoto, abusa akupemphera mokweza. Gwendoline sanaletse. Ankaganiza kuti zikapsa, nkhaniyo ithera pomwepo.

Siinathe. Atayambanso kugulitsa vitumbuwa kumsewu, anzake anasuntha mabeseni awo. Minibasi ikaima, wina ankanong'oneza okwera, manja otambasulidwa pazenera n'kubwerera mkati. Mwana wake Jessy ankakhala yekha pabenchi kusukulu, ndipo kenaka anakaniratu kupitako.

Nyumba inali ya sukulu, mphunzitsi watsopano anali m'njira. Gwendoline anaimbira mng'ono wake ku Mpanshya kupempha malo.

Mng'onoyo anayankha kuti: "Ba sisi, nkhani ija inafika kuno. Apongozi anga sangalole."

Gwendoline anati wamva. Analowa m'nyumba n'kupitiriza kumanga katundu.