Maswichi Otsitsidwa

"Bweretsa kuno envulopuyo!"

Mwana wachisamba anali ataiimika kale pamwamba pa mgolo wa zinyalala. Panali patatha masiku anayi bambo ake ataikidwa m'manda, ndipo basi yake inali yonyamuka masana omwewo. Mayi ake anamutsomphola envulopuyo ngati akulanda mpeni kwa khanda.

"Mukusungiranji, amayi? Munthu ankangomva dzino. Munawakakamiza kulowa m'makina ojambulira aja kuchipatala, potuluka ali wodwala."

"Dzino? Anawazula atatu, ululu osasuntha. Tsaya dzanzi, pometa ndevu akudzicheka osamva. Iwe unali kuti?"

Mayiyo sanadikire yankho. Anasolola m'envulopumo chithunzi chakuda cha kuchipatala n'kuchikanikiza pa galasi la zenera. Sukulu anailekeza ali wamng'ono, koma chithunzichi ankachiwerenga kuposa dzina lake.

"Taona. Kachotupa aka kunsi kwa khutu, kochepa ngati nyemba. Ulusi woyerawu ukuuona? Ndi mtsempha umenewo. Adokotala anati khansa yamtunduwu ndi yosowa, ndipo sifulumira kutupa, imangokwawa ndi mtsempha kulowera m'chigaza. Dzanja silingaipeze. Ine ndinakhazikika pampando wawo n'kuwauza kuti mapiritsi a ululuwo amwe okha, sindidzuka mpaka bambo ako ajambulidwe."

"Ndiye anachira?"

"Sanachire. Koma anadziwa. Pajatu anali munthu wa zamagetsi. Anachiyang'ana n'kuseka, amvekere, 'Ndamva, adokotala, moto ukuyenda m'waya.' Anawachita opaleshoni, anawawotcha ndi makina, tinakhala nawo chaka china ndi miyezi iwiri. Ukanakonda agwe tikuzulabe mano? Mtsikana anawajambula uja ndimamupempherera mpaka lero."

Mwanayo anatembenuka. Analowa m'kachipinda kopanda zenera kukatenga chikwama chake. Anakweza dzanja pamene pankakhala swichi chibadwire chake, koma anangokhudza chigamba cha simenti. Anapapasa chotsika, n'kuipeza pafupi ndi mchombo wake.

"Maswichi anatani m'nyumba muno?"

"Anawatsitsa onse," anatero mayi ake ataima pakhomo. "Zaka makumi atatu ndikuwauza kuti ndine wamfupi, ndatopa kukwera pa kampando. Iwo ati mawa, mawa. Nyumba za eni kukonza, yawo ayi. Atachiona chithunzichi, mawa linatha. Chipinda chimodzi pa sabata, diso limodzi litatsekeka kale, ine ndikuwagwirira makwerero n'kumawakalipira kuti chigambacho chapindika."

Mwanayo anasisita simentiyo. Inali yopindikadi, ndipo pakona panatsala chidindo cha chala chachikulu. Anaika chala chake pomwepo, kwa nthawi ndithu. Kenako anatula chikwama pansi.

"Envulopuyo muisunge pouma, amayi. Ine ndikwera ya mawa."

"Mawa, mawa. Bambo ako enieni."

Mayiyo anaipanira envulopu m'khwapa, n'kutambasula dzanja, osanyanyamphira, osaitana munthu. Magetsi anayaka.