Pani Yoyang'ana ku Khoma

Cherisse Alleyne analowa bandi yathu ya ku Tunapuna ali kale mayi wa ana awiri, dalaivala wa minibasi ya pakati pa Arima ndi Port of Spain. Anamupatsa pani yotsogolera nyimbo, ng'oma yachitsulo ya mawu okwera ija, ndipo manja ake anali achangu moti tonse tinkachita kaso. Ine ndimaimba migolo ikuluikulu ya besi kumbuyo, kumene munthu amaona aliyense, choncho ndinazindikira msanga kuti Cherisse ankaimba ndi maso. Ankangoyang'ana manja a Kerwin, mnzake wa pambali. Kerwin akamenya apa, nayenso apa. Kerwin akaphonya, nayenso ankaphonya, nkhope ili gwa.

Bambo Prescod, amene amatikonzera nyimbo za mpikisano, anazitulukira Loweruka lina masana, tili pabwalo lathu loyeserera. Ananong'oneza Kerwin kuti asochere dala pakati pa nyimbo. Kerwin anasochera, Cherisse n'kumutsatira ndi mphamvu zake zonse mpaka kutchire. Bwalo lonse linafa nalo phwete.

"Asisi, makutu munawaiwala m'minibasi?" anatero Kerwin.

"Iwe tseka pakamwa, mutu ngati papaya wosapsa!"

Bambo Prescod sanaseke. Ananyamula pani ya Cherisse ndi choimikira chake, n'kukaiika moyang'ana khoma la malata.

"Kuyambira lero uziimbira apa."

"Bambo Prescod, mukundilanga ngati mwana wasukulu? Ine ndine mayi wa ana."

"Sindikukulanga, mwanawe. Manja ako ndawaona, ndi abwino. Tsopano ndikufuna makutu."

Cherisse anaponya timitengo take toimbira m'chikwama n'kutuluka. Anasowa ndithu kubwalo, mpaka tsiku lina ndinangoona minibasi yaima pageti panga. Anakhala pakhonde, chakumwa chimene ndinamupatsa osachikhudza.

"Anti Merle, ine makutu a nyimbo ndilibe. Kusukulu aphunzitsi a kwaya anandiuza kuti ndizingoyendetsa milomo, ndisatulutse mawu. Chiyambire pamenepo sindinaimbeko pakamwa, ngakhale kutchalitchi."

"Injini ya minibasi yakoyo ikayamba kudwala, amakuuza ndani?"

"Palibe. Ndimaimva ndekha, makaniko asanaitsegule n'komwe."

"Ndiye ukuti makutu ulibe? Bwera mawa ndi pani yako."

Tinayambira pansi penipeni. Ndinkamenya liwu limodzi iye atandifulatira, kuti alibwereze pakamwa. Masiku oyamba zinali zomvetsa chisoni: galu wanga ankanyamuka pakhonde n'kukagona kuseri kwa nyumba. Kenako ndinkamenya mawu awiri kuti anene lokwera ndi liti. Atazolowera, ndinkamuimbira kachidutswa ka nyimbo pakamwa, iye n'kukafunafuna pa pani. Lamulo linali limodzi: liwu limene sanaliimbe pakamwa asalimenye. Ankakwiya, ankanditchula mfiti, koma ankabwera. Pamsewu anayamba kutsanzira mahutala a magalimoto, kuyesa kuti la basi ndi la lole latsika ndi liti, moti mayi wina wokwera anamufunsa ngati zonse zili bwino kunyumba.

Mvula ili pakati, tsiku lina ndinamuimbira kachidutswa katsopano. Anakabwereza pakamwa, n'kukamenya konse osafufuza. Anayang'ana timitengo take ngati ta munthu wina.

"Anti, ndinadziwa pomenya ndisanamenye!"

Anabwerera kubwalo n'kukaima yekha pakhoma paja, popanda womutuma. Pofika Khirisimasi, Bambo Prescod anamubwezera pamzere.

Mpikisano wa Panorama wosankha mabandi opita kumafainolo unachitika Lamlungu, dzuwa likuswa mtengo. Tinali pamzere ku bwalo lalikulu la Savannah, fumbi lili kobo, anthu athu akukankha ngolo zonyamula mapani. Bandi ya patsogolo pathu inakwera pansanja n'kuyamba kuimba. Inali nyimbo yomwe ifenso tinasankha, zimene zimachitika chaka chilichonse. Koma atafika kumathero, tonse tinayang'anana. Anamaliza ndendende mmene ife tinakonzera, kuthamanga mokwera n'kuima mwadzidzidzi. Palibe anabera mnzake. Mitu iwiri inangoganiza zofanana. Koma oweruza akanamva zomwezo kawiri motsatizana, akanati okopera ndife.

Bambo Prescod anavula chipewa, milomo ikuyenda, akupeka nyimbo chamumtima. Kenako anakwera pa ngolo ya mapani otsogolera.

"Mathero tikusintha! Tamverani!"

"Pano? Bambo, tationetsani pa pani!" anakuwa Kerwin.

"Nthawi yake iti? Ngolo zikuyenda izi. Makutu, anthu inu!"

Anaimba pakamwa ndi mawu awo osasa, pakati pa phokoso la anthu ogulitsa supu wa chimanga ndi mabandi ena oyeserera kumbuyo. M'malo mokwera, nyimbo inkatsika, n'kupotoloka pena pake mosayembekezeka, kenako n'kudumphira m'mwamba. Kerwin anagwira chiyambi, pokhotapo n'kutayika. Enanso analephera kuigwira.

Cherisse anatsinzina.

"Bwerezaninso, Bambo."

Anabwereza. Cherisse anaibweza pakamwa mokweza, anthu onse aja akumva, kenako anaimenya pa pani yonse yathunthu, ndi pokhota pomwe.

"Ndi imeneyo!" Bambo Prescod anamenya chipewa pantchafu. "Apatse anzako! Ine ndikupita kwa a mapani apakati ndi a besi."

Anatsika n'kuthamangira kwa ife. Pamene ankatiimbira mbali yathu, ndinkamva kutsogolo Cherisse akukuwa ngati ali pa siteji ya minibasi: "Imbani pakamwa kaye! Kerwin, watsika kwambiri, kwera pang'ono! Tiyeni, kachiwiri!" Ngolo zinkasuntha, iwo akuimba uku akuyenda, mpaka mawilo anagunda matabwa a nsanja.

Nyimbo yonse ndinaimba mtima uli m'mwamba. Mathero atayandikira, ndinaona msana wa Cherisse ukuwongoka. Anthu a m'mipando ankadikira kuti tikwera monga anachitira anzathu aja. Ife tinatsika. Mapani otsogolera anakhota onse pamodzi ngati dzanja limodzi, ife a besi tinawalandira pansi, kenako bandi yonse inadumphira m'mwamba n'kuima. Savannah yonse inaphulika. Mbendera zinauluka, anthu anakwera pamipando, bambo wina wosamudziwa anandipsompsona pachipumi.

Kerwin anamunyamula Cherisse m'malere.

"Nditsitse, papaya iwe, ndingakusanzire!"

Zotsatira zinatipeza m'njira, titadzazana m'minibasi ya Cherisse, wailesi ili pamwamba. Woulutsa anayamba kutchula mabandi opita kumafainolo, ife titatchera khutu. Dzina lathu litamveka, Cherisse anakhotera pambali pa msewu, anamanga buleki, n'kutsika kusiya chitseko chili pululu. Anayamba kuvina pa udzu pomwepo, nsapato zili m'manja, ana ake awiri akumuzungulira.

"Anti Merle, tsikani! Maondowo mudzawadandaule mawa!"

Ndinatsika. Bambo Prescod nawo anatsika, ndipo tinavina mpaka wapolisi wa pamsewu anabwera kudzatifunsa ngati galimoto yawonongeka. Atamva nkhani yake, anatigwira chanza mmodzimmodzi n'kutiuza kuti tikapitirizire ku Tunapuna.