Shedi ya Thirakitala

Atapuma ntchito yoyendetsa thirakitala m'minda ya eni ake, Adalaivala anagula kamalo kunja kwa tauni n'kulengeza kuti tsopano azilima pawo. Dzina lawo lenileni linali litaiwalika kalekale. Ngakhale akazi awo, akapsa mtima, ankawaitana Adalaivala.

Ndalama za penshoni zinakwanira kugula ng'ombe imodzi yamkaka ya bere, mbuzi zingapo, nkhuku, wilibala, pampu yopopa ndi miyendo, komanso malata. Malatawo akazi awo ankayesa ndi a khola. Anadabwa kuona bambowo akuyeza ndi chingwe pamtunda, kuseri kwa nyumba, n'kumakhoma zikhomo motalikirana ngati akufuna kumanga tchalitchi.

"Abambo, ng'ombe imodzi khola lonseli?"

"Si khola ili, amayi. Ndi shedi ya thirakitala."

"Thirakitala yake iti?"

"Ikubwera."

Ena amagula mbereko mwana asanabadwe, koma Adalaivala anagula mbereko pathupi palibe n'komwe. Shedi inamangidwa yokongola: pansi pa simenti, khomo lalikulu la zitseko ziwiri, loko wonyezimira. Ng'ombe ija, imene mayi anaitcha Dona chifukwa cha kayendedwe kake konyada, inamangiridwa kakhola ka mitengo kumunsi, denga lake la pulasitiki.

M'shedimo munali tcheni chokokera, masipanala opachikidwa pamisomali malinga ndi kukula kwake, chitini cha girisi, ndi mpando wachitsulo wa thirakitala imene anakalamba nayo, womwe anzawo a kuntchito anawapatsa potsanzikana. Mpandowo anaukhoma pachitsa pakati penipeni. Akamaliza kuthirira ndiwo ndi kumwetera ng'ombe udzu, ankalowa, kukankha chitseko, n'kukhala pamenepo manja ali m'mwamba pang'ono, pomwe pamayenera kukhala chiwongolero.

Musawaseke kwambiri. Munthu amene wagaula minda ya anthu ena moyo wake wonse, n'kumabweza makiyi kwa kapitawo dzuwa likamalowa, amakhala ndi njala imene chakudya sichithetsa. Pansi pamtima ankadziwa kuti mazira ndi ana a mbuzi sangagule ngakhale tayala limodzi. Koma shedi ikakhala yosesedwa ndiponso yopanda kanthu, mawu oti "ikubwera" ankatuluka bwinobwino mkamwa.

Mlamu wawo, mchimwene wa mayi, amene ankakhala kutsidya kwa msewu, sankawapatsa mpata.

"Alamu, ndamva injini ikulira m'mawawu. Yafika kodi? Kapena munali m'mimba mwanu?"

Adalaivala ankaseka nawo, koma mayi atapempha kuti azisungamo chakudya cha ng'ombe, anakana kwamtuwagalu. Anati ndowe ndi girisi sizikhalira limodzi.

Dona inabereka mvula ili pakati. Kamwana kanabadwa kamoyo m'mawa, kanaimirira, kanayamwa. Pofika masana mphepo inali itang'amba pulasitiki ya denga, khola lasanduka dambo, ndipo ng'ombe inagwa m'matopemo osadzukanso. Makutu ake anali ozizira. Mayi anaimbira dokotala wa ziweto, iye n'kunena kuti akubwera koma msewu waterera, achedwa.

"Ichotseni m'madzimo msanga," anatero dokotalayo pafoni. "Igone pouma, yotsamira pachifuwa. Ikazizidwa pamenepo ndidzapeza mtembo."

Mvula ikakuona litsiro sikata. Inawonjeza. Adalaivala anayesa kuidzutsa, anaikoka, anainyengerera, koma Dona inangopinda khosi n'kugoneka mutu panthiti. Anachita mantha enieni, pakuti famu yonse inali ng'ombe imeneyi. Mbuzi ndi nkhuku zinali zokometsera chabe.

Ankayembekezera kuti mayi alalata, ndipo zikanakhala zopepuka akanalalata. Koma mayiwo anangogwada m'matope atafunditsa kamwana ka ng'ombe thumba, anayang'ana kumtunda kumene malata a shedi ankalira ndi mvula, kenako anayang'ana amuna awo.

"Ine sindinena kanthu, abambo. Makiyi ali ndi inu."

Dzanja lawo linali kale m'thumba, litafumbata makiyiwo. Zinawachititsa manyazi kuti panthawi ngati imeneyo mtima unkakanabe. Ankadziwa kuti chamoyo chikangolowa m'shedi muja sichidzatulukamo, ndipo bodza lawo lokoma lija lidzathera pomwepo. Anaima choncho madzi akutsikira m'khosi, mpaka ng'ombe inabuula. Anakwera mtunda mothamanga, msinkhu wawo ataiwala, anatsegula zitseko zonse ziwiri n'kutsitsa tcheni pakhoma.

Mlamu anabwera ndi anansi. Anagubuduzira ng'ombe palona yakale, anakulungira mtengo kutsogolo kwa lonayo, n'kumangapo tcheni. Apa ndiye Adalaivala anali pantchito yawo.

"Osagwedeza! Kokani pamodzi, pang'onopang'ono. Alamu, inu kumanzere, mukuipotoza!"

Anthu ankaterereka, kugwa, kudzuka, kutukwana matope. Pakati pa mtunda mlamu anaima kuti apume, befu ali wefuwefu.

"Thirakitala ikanakhalapo..." anayamba, koma ataona nkhope ya mlamu wake mawu otsalawo anawameza.

Pakhomo panalibe vuto. Ng'ombe yogona chopingasa, anthu kuno ndi uko, zonse zinalowa osakhudza mphuthu. Anaitsamiritsa ndi matumba a udzu, anaipukuta, n'kuikira kamwana kake pafupi. Dokotala atafika anaipatsa mankhwala a mumtsempha, ndipo dzuwa lisanalowe Dona inagwedeza makutu, inadzutsa matako, kenako yonse. Chinthu choyamba chimene inachita itaima chinali kugwetsa ndowe pasimenti yosesedwa ija, phwa! Aliyense anayang'ana Adalaivala. Ngakhale mlamu analibe nthabwala. Bambowo anangotenga fosholo.

Patapita masiku mvula inakata, kunja kunawala. Mayi analowa m'shedi ndi ndowa yokamira n'kupeza amuna awo akuzula misomali ya mpando wachitsulo uja pachitsa. Masipanala anali atasunthidwa kupita pakona, pamalo pake papachikidwa chingwe cha ng'ombe.

"Kwauma tsopano," anatero mayi mosamala. "Tikakonza denga kumunsi kuja tikhoza kuibwezera."

"Isiyeni."

Adalaivala anaika mpandowo panjerwa ziwiri pambali pa Dona, anakhalapo, n'kutambasula dzanja kuti alandire ndowa.

"Ndiphunzitseni kukama, amayi. Zala zanu zija zimatupa kukazizira."

Mayi anawapatsa ndowa koma sanaisiye msanga. Anali atakhala nawo zaka zambiri bambowa, ndipo ankadziwa mtengo wa zimene ankaonazo.

"Nanga thirakitala ikabwera tidzaiika pati?"

Sanali kuwaseka. Ankawapatsa mpata woti anene mawu awo a masiku onse aja, ngati akuwafunabe. Adalaivala anatsamiritsa chipumi pamimba yofunda ya ng'ombe.

"Siibwera, amayi."

Dona inkangobzikula. Mayi anagwada pambali pawo, anagwira manja okhakhala aja, amene anazolowera chiwongolero, n'kuwasonyeza pofinya ndi polekerera. Poyamba sipanatuluke kanthu. Kenako mkaka unalira pansi pa ndowa, kamtsinje kowonda kokhota.

"Musakoke ngati giya, Adalaivala, ndi chamoyo ichi," anatero mayi, n'kupukuta m'maso ndi msonga ya nsalu. Anacheukira kuwala kumene kunkalowa pazitseko ziwiri zija. "Koma khomo lokha munayeza bwino."