Mawu Asanu a Aphunzitsi a Jenkins

Matenda anawapeza a Jenkins ali m'munda wa chinangwa, chaka cha 1979, patangotha miyezi isanu chipumireni pa ntchito ya uphunzitsi. Anagwa khasu lili m'manja. Pobwera ku chipatala cha ku boma, dzanja lamanja linali lende, ndipo lilime linali litamangika. Munthu amene anaphunzitsa Chingerezi ku Lungwena zaka makumi atatu sankathanso kupempha madzi, m'Chichewa ngakhale m'Chiyao.

Akazi awo, a Mabel, ankawasambitsa, kuwamwetsa phala, n'kuwakhazika pakhonde. Tsiku lina akuwameta ndevu anamva mawu akutuluka.

"Near," anatero a Jenkins. Anapumira. "Dear. Hear. Fear. Tear."

Lezala linagwa pansi. Kamvekedwe ka mawuwo a Mabel ankakadziwa, chifukwa nyumba yawo yakale inayandikana ndi kalasi ya Sitandade 6, ndipo chaka ndi chaka ankamva ana akuwalakatula ngati nyimbo. Koma tanthauzo lake sankalidziwa. Iwo sukulu analekezera Sitandade 2, ndipo sanafunsepo. Chingerezi chinali ntchito ya abambo.

Masiku otsatira a Jenkins ankabwereza mawu omwewo, nthawi zina amodzi okha, maso ali pa akazi awo. A Mabel akabweretsa madzi, iwo ankapukusa mutu. Akabweretsa bulangete, ankapukusanso, misozi ili lengelenge.

Lachinayi lina a Mabel anamanga khadi la chipani pansonga ya chitenje, poti pachipata cha msika pankakhala anyamata a yufi ofunsa makadi, napita kwa Ibrahimu, telala wosokera pakhonde la sitolo. Ibrahimu anaphunzira kwa a Jenkins mpaka Sitandade 8.

"Mwanangu, aphunzitsi ako ayamba kulankhula, koma ine sindikumva. Kodi niya n'chiyani?"

Ibrahimu anaimitsa makina. Atamva mndandanda wonse anaseka, kenako kusekako kunamuthera pakamwa.

"Amama, amenewo ndi mawu apachibale. Aphunzitsi ankati onse ali ndi khutu, chifukwa zilembo zitatu zakumapetozo, e, a, r, pazokha zimatanthauza khutu. Wolakwitsa ankamukoka khutu lomwelo. Langali likukumbukabe."

Anatenga choko cholembera nsalu nalemba pa chidutswa cha katoni. "Hear ndi kumva. Fear ndi mantha. Tear ndi msozi. Near ndi pafupi." Anakanda m'mutu. "Dear timayambira kalata. Ndi wokondedwa. Koma ankatinso ndi chinthu chodula."

"Chodulacho si ine ayi," anatero a Mabel. "Anandipeza ndikuyanika usipa."

Anamuuza Ibrahimu kuti abwereze kasanu konse, ndipo njira yonse yobwerera anayenda akunong'ona, mpaka wanjinga wina anawacheukira.

Kunyumba anapeza abambo ali pomwe anawasiya. Anawapatsa moni, nanyamula lichero la chimanga kuti akapete kuseri monga mwa masiku onse.

"Near," anatero a Jenkins.

A Mabel anaima. Anabwerera, nayala mkeka, nakhala pansi phewa lawo litagunda dzanja lakufa lija. A Jenkins anatulutsa mpweya wautali, natseka maso. Apa m'pamene a Mabel anazindikira kuti milungu itatu yathunthu anakhala akuthamanga ndi madzi, phala ndi zochapa, osakhalako pansi pambali pawo ngakhale kamodzi. Anapetera chimangacho pomwepo, mankhusu akugwera pa thalauza la abambo.

Patapita nthawi a Jenkins analoza pakamwa pawo. "Fear."

"Mukuopa kuti sizibwerera? Musaope. Ine ndili pompano." Kenako a Mabel analimba mtima, naloza khutu lawo, nayesa kutchula mawu aja otanthauza kumva. "Iya."

Nkhope ya a Jenkins inachita tsinya, lomwe lija ankaliopa ana a sukulu. "Hear," anatero, akutulutsa mpweya poyambira.

"Iya."

"Hear!"

"Hiya."

A Jenkins anagwedeza mutu pang'ono, ngati munthu wopereka malikisi monyinyirika. A Mabel anaseka mpaka lichero linapendekeka, nkhuku n'kuthamangirapo.

Nkhaniyo Ibrahimu sanaisunge. Lachisanu lililonse akatuluka ku mzikiti ankabwera ndi anzake a kusukulu awiri atatu, asodzi ndi wogulitsa mpunga, amuna andevu zawo, n'kukhala pakhonde kulakatula mindandanda ina imene ankaikumbukira. Akalakwitsa, aphunzitsi ankamenya mpando ndi dzanja lamanzere. A Mabel ankawaphikira tiyi, n'kumatolako mawu awiri atatu.

Lilime la a Jenkins silinamasuke lonse. Anakhala zaka zina zinayi, akuyenda ndi ndodo mpaka ku tchalitchi, koma mapemphero ankangotsatira ndi milomo. Chichewa chinabwerera pang'onopang'ono. Mawu oyamba anatuluka mvula itayamba, akudya utaka wootcha. Anatafuna, nayang'ana mbale, nayang'ana akazi awo.

"Mchere," anatero.

A Mabel analawa. Analidi ataiwala kuthira.